Danga la Manda

Ku Burela mvula imagwa chopingasa
ndipo ofesi ya bungwe la asodzi imanunkha dizilo ndi khofi wozizira.
Tinali awiri usiku umenewo, ine ndi Xurxo Pombar,
tikusamutsa mayina a anthu
kuchoka m'nkhokwe yakale kupita m'nkhokwe yatsopano.

Yakaleyo ndi Oracle. Xurxo wakhala nayo zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi,
kuposa zimene anakhala ndi mkazi wake, amatero yekha.
Yatsopano ndi PostgreSQL, ya chithunzi cha njovu ija.
Ndinabwera nayo ine, ndipo sanandikhululukirebe.

Chilankhulo n'chimodzi, SQL,
koma lilime limapinda mosiyana,
ngati a tsidya lino ndi a tsidya ilo la mtsinje wa Eo
amene amamvana pamsika, n'kumasekana pobwerera.

Yake ukaipatsa dzina imalikweza zilembo zikuluzikulu,
imakuwa ngati kapitawo padoko.
Yanga imachepetsa zonse, imanong'ona.
Akafuna mizere khumi yokha iye amati ROWNUM,
ine ndimangoti LIMIT n'kukatereka tiyi.
Akafuna tsiku amakafunsa kwa DUAL,
katebulo ka mzere umodzi kopanda ntchito ina
koma kuima pomwepo kuti funso lisaoneke lamasiye.
Yanga ukaifunsa nthawi imangoyankha. Sifuna mboni.

Iye amalemba pa windo lakuda la sqlplus
ndi zala ziwiri basi, ngati nkhuku ikujompha mapira.
Ine ndinali nditatsegula pgAdmin, mabatani mbwee,
ndipo inali itauma kale kawiri.
Sananene kanthu. Anangotsokomola.

Cha m'ma leveni tinafunsa funso limodzi konse kuwiri:
mwa asodzi amene anapita osabwerera,
ndi angati amene danga lawo la manda lili NULL?
Yake inati mazana atatu ndi khumi ndi awiri.
Yanga inati palibe.

Thukuta linandituluka. Ndinasanthula fayilo mpaka ndinapeza
tizizindikiro tiwiri togundana, pakati popanda chilembo.
Kwa Oracle chopanda kanthu ndi chosadziwika ndi munthu mmodzi.
PostgreSQL imakana:
mbale yopanda kanthu ndi ina,
mbale imene sunaivundukule ndi inanso.

Ndinati, n'zazing'ono izi, lamulo limodzi lokha, onse akhala NULL pompano.
Xurxo anandigwira mkono. Tadikira.
Anavula magalasi n'kuloza pa sikirini ndi chikhadabo chong'aluka.
Mzere wa 207. Amaro Pombar, zaka 23, mwezi wa Febuluwale.

Mng'ono wanga, anatero.
Mayi anamwalira akunenabe kuti a ku Ireland anamutola pamchenga n'kumuika,
kuti kwinakwake kuli mtanda wopanda dzina.
Ine ndinali m'boti lachiwiri.
Madzi aja ndinawaona.

Zaka zonsezi makina ake sanamuumirizepo kusankha.
Anga anamufunsa usiku woyamba womwewo,
opanda ndi odi yemwe.

Ena onse ndinawakonza, wake ndinamusiyira.
Mvula inakata. Kuseri, fakitale ya ayezi inayamba kulira.
Anakoka kiyibodi yanga, yopyapyala, imene amati ndi choseweretsa ana,
n'kufunsa ngati semikoloni imakhala kumapeto nakonso kuno.
Ndinati eya.
Analemba pang'onopang'ono, zala ziwiri zomwe zija,
ine ndikutsuka makapu amene anali otsuka kale.

M'mawa, asanafike, ndinafunsanso funso lija.
Mazana atatu ndi khumi ndi awiri.
Anawasiyira mayi ake.

Analowa nthawi ya naini, jekete lili nyowe,
n'kuima kumbuyo kwanga kuyang'ana njovu ikuzungulira osatseguka.
Yaumanso? anatero.
Yaumanso.
Tandionetsa chinzake chija cha windo lakuda. Mumachitcha chiyani?
psql.
Anakoka mpando.